Ng'ala si matsenga, tengani agogo mupite nawo kuchipatala

Mwezi wathawu ndidakwera minibasi ku Limbe kupita kwathu ku Masambanjati kukazonda azakhali. Ndidawapeza ali khale pakhonde, nkhope italoza kudzuwa. Mayi amene adathyola tiyi zaka zambirimbiri m'maesiteti a ku Thyolo, amene diso lawo linkasankha masamba awiri ndi kansonga dzanja lili pa liwiro, lero sangaone ngakhale mbale ya nsima ili pamaso pawo. Kamdzukulu kawo ka Sitandade 4 kadaleka sukulu kuti kaziwagwira ndodo popita kuseri.

Nditayang'anitsitsa ndidaona kuti mwana wa diso wayera mbuu ngati mkaka. Ng'ala imeneyo. Koma pamudzi nkhani idagamulidwa kale: ati adawaponyera ndi mnzawo amene ankalimbirana naye malire a munda wa nthochi.

Abale anzanga, tiyeni tiuzane zoona. M'kati mwa diso la munthu aliyense muli kagalasi kachibadwa kamene kamalowetsa kuwala. Munthu akamakula kagalasi kaja kamachita chifunga, monga limachitira galasi la nyali likadetsedwa ndi utsi. Matenda a shuga ndi kuvulala kwa diso zimafulumizitsa. Padziko lonse palibe nthenda ina imene yachititsa anthu ambiri khungu kuposa ng'ala, chonsecho ndi khungu lochizika. Dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, amatsegula pang'ono m'mbali mwa diso, amachotsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo kena kapulasitiki. Kawirikawiri theka la ola silikwana. Wodwala sagonekedwa tulo, ndipo bandeji imachotsedwa mmawa wake.

Akuluakulu akukumbukira kuti kale sizinali choncho. Ankachotsa ng'ala koma osaikamo kanthu, munthu n'kupatsidwa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo la Fanta. Akasweka kapena akagwera m'chitsime, basi, khungu labwereranso. Kagalasi ka m'kati sikatayika, sikafuna kupukuta, ndipo mdzukulu sangakaseweretse.

Adayambitsa nzeruyi ndi Harold Ridley wa ku England. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iye adaona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege tikalowa m'maso mwa oyendetsa ndege zankhondo, diso silinkatikana. Mu 1949, pa chipatala cha St Thomas' ku London, adachita opareshoni yoyamba yotere. Madokotala anzake adamunyoza kwa zaka zambiri. (Ndinene modutsa kuti Ridley yemweyu adafufuzaponso ku Ghana za khungu lobwera ndi tintchentche ta m'mitsinje, nthenda imene ife a ku Thyolo timaidziwa bwino chifukwa cha mapiritsi a Mectizan. Imeneyo ndi nthenda ina, si ng'ala.)

Vuto lidali mtengo. Kagalasi kamodzi kankadya madola oposa 100, ndiye kanali ka azungu ndi mabwana. Zinthu zidatembenuka pamene fakitale ya Aurolab ku Madurai, m'dziko la India, idayamba kupanga timagalasiti mu 1992, ndipo bungwe la Fred Hollows lidatsegula mafakitale ena ku Eritrea ndi ku Nepal mu 1994. Mtengo udagwa mpaka pansi pa madola 10. Kuno kwathu njira adailambula malemu Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso, amene adaphunzitsa azachipatala ambiri ku Lilongwe, nadzakhala nduna ya zaumoyo asanatisiye mu 2010. Lero opareshoniyi imachitika ku Lions SightFirst pa Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma ndi kwina.

Nanga azakhali akhaliranji mumdima zaka zitatu?

Choyamba ndi mantha. Adamva kuti kuchipatala amakolowola diso, kuliika m'mbale, n'kukubwezera la mbuzi. Bodza lamkunkhuniza! Diso silichoka m'malo mwake. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pandiwawa, ndife ana awo a m'tauni. Timatumiza shuga ndi sopo pa Khirisimasi, timapereka ndalama zopitira kwa asing'anga amene amadonthezera madzi a masamba m'maso mpaka diso kuchita zilonda, koma kutseka okala masiku atatu kuti tiwaperekeze timati bizinesi igwa. Munthu wosaona sangakwere yekha galimoto kuchoka ku Masambanjati kukafika pa boma, kulandira kalata, n'kupitirira ku Blantyre. Amafunika womugwira dzanja, womudikirira, ndi womuthira mankhwala m'diso akabwerako. Ine ndemwe ndili m'gulu lomweli, zaka zitatu zonsezo ndinkangofunsa moni pafoni.

Sindikunena kuti khungu lililonse ndi ng'ala. Lilipo lina lobwera chifukwa mtsempha wa diso wafa, ndipo limenelo kagalasi sikangalibweze. N'chifukwa chake woyenera kugamula ndi wachipatala atayeza, osati bwalo la pamudzi, ngakhalenso ine wolemba nyuzi.

Azakhali ndidakambirana nawo mpaka nkhuku kulowa. Adafunsa ngati kumapweteka, adafunsa ngati akadzuke, kenaka adafunsa amene aziwasungira nkhuku zawo. Pamenepo ndidadziwa kuti avomera. Tinyamuka Lolemba m'mamawa, ndipo kamdzukulu ndakauza kuti kafunefune kumene kadasiya makope ake.