KODI MPHAMVU ZA PA UNYAMATA ZIMAFIKA MPAKA KU UKULU?

Madzulo ali onse ana akaweruka ku sukulu, mabwalo a m'makomboni a Kabwe monga Bwacha, Katondo, Makululu ndi Kasanda amadzaza ndi anyamata othamangitsa mpira, ena a iwo opanda nsapato. Tauni ino siyacilendo pa nkhani ya masewera. Kuno n'kwawo kwa timu ya Kabwe Warriors, imene malemu Godfrey Chitalu anali kusewerera pamene anagoletsa zigoli 107 m'caka ca 1972.

Koma pa mabenchi a ku kiliniki pamapezekanso azibambo a zaka 45 kapena 50 amene anali akatswiri a mpira pa sukulu, ndipo lero ali pa mzere wa mankhwala a BP kapena a shuga. Kafukufuku wa boma wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali onse m'Zambia ali ndi bvuto la kuthamanga kwa magazi. Conco makolo ambiri amafunsa kuti: kodi zimene mwana acita ndi thupi lake ali ndi zaka 13 mpaka 19 zimamuthandiza kapena kumupweteka atakula?

Yankho la akatswiri a za umoyo lili pawiri. Pali zinthu zimene thupi limasunga kwa moyo wonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Palinso zina zimene zimatha msanga munthu akangoleka kuzicita.

MPHAMVU ZIMATHA MUNTHU AKALEKA

Ku Sweden anyamata a zaka 18 anali kuwapima mphamvu pa njinga asanalowe usilikali. Madokotala anatsatira amuna oposa 700,000 amene anapimidwa pakati pa 1969 ndi 1984, ndipo mu 2014 anafalitsa zimene anapeza. Aja amene anali ndi mpweya wambiri pa zaka 18 sanadwale kwambiri matenda a mtima patapita zaka 30, poyerekeza ndi anzawo amene anali kutopa msanga.

Izi sizitanthauza kuti mpira wa ku sekondale ndi katemera. Mu 1978 dokotala wina wa ku America, Ralph Paffenbarger, anafalitsa zotsatira za amuna pafupifupi 17,000 amene anaphunzira pa yunivesite ya Harvard. Iye anapeza kuti akatswiri a masewera amene anakhala pansi atatsiriza maphunziro anataya citetezo cawo, pamene amuna amene sanali kusewera pa sukulu koma anayamba kulimbitsa thupi atakula anali ndi mitima yabwino kuposa iwo.

Cifukwa cake n'cosabvuta kumva. Mtima ndi minofu zimalimba pamene zigwira nchito, ndipo zimayamba kufooka pakangopita milungu yowerengeka munthu ali cikhalire. Cimene mwana amanyamula kupita naco ku ukulu ndi cizolowezi. Ku Finland, kumene anayamba kutsatira ana oposa 3,500 mu 1980, anaona patapita zaka 21 kuti ana amene anasewera zaka zingapo motsatizana ndiwo anapitiriza kwambiri atakula. Ngakhale n'tero, ambiri analeka.

Nthawi yoopsa ndi pamene mnyamata atsiriza Giredi 12, kupeza nchito yokhala pansi, kuyamba kukwera minibasi pa mtunda umene kale anali kuyenda ndi miyendo, ndi kusandutsa Ciweru kukhala tsiku la mowa. Atsikana amaleka msanga kuposa pamenepa. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la mu 2019 linaonetsa kuti mwa ana a sukulu 100 ali onse a zaka 11 mpaka 17, okwana 81 sanali kulimbitsa thupi mokwanira. Kwa atsikana ciwerengero cinali 85, kwa anyamata 78. Bungweli likuti mwana afunika mphindi 60 tsiku lili lonse, ndipo wamkulu mphindi zosacepera 150 pa mlungu. Kuyenda mwa ndawala, kupalasa njinga, kulima ndi kutunga madzi zonse zimawerengedwa.

FODYA NDI KUNENEPA

Zizolowezi zoipa ndizo zimakakamira kwambiri. Ku America anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 amene amasuta fodya tsiku ndi tsiku anayamba asanapitirire zaka 18. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka ca m'ma zaka 25, ndipo nikotini wa mu fodya amaugwira msanga ukali wanthete. Ndudu imodzi imodzi yogula pa kantemba ndiyo njira imene ambiri amayambira.

Pano palinso nkhani yolimbikitsa. Kafukufuku amene anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka 50, kucokera mu 1951, anaonetsa kuti osuta amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10, koma aja amene analeka ali ndi zaka 30 anapulumutsa pafupifupi zaka zonsezo.

Kunenepa nakonso kumatsatira munthu. Ofufuza amene anaphatikiza zotsatira za m'maiko angapo mu 2016 anapeza kuti mwa acinyamata 10 onenepa kwambiri, pafupifupi 8 amakhalabe onenepa atakula. Koma anapezanso kuti mwa akulu 10 onenepa kwambiri, 7 sanali onenepa ali ana. Mwana woonda lero asadzinamize kuti zakumwa za shuga, machipisi ndi vitumbuwa vya tsiku ndi tsiku sizidzamupeza.

MAFUPA AMAMANGIDWA KAMODZI

Mafupa ndiwo nkhokwe yeniyeni ya thupi. Pa zaka ziwiri zimene mwana atalika mofulumira, ca m'ma zaka 12 kwa atsikana ndi 14 kwa anyamata, thupi limaika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a kulimba konse kwa mafupa a munthu wamkulu. Pofika zaka 20 nchito yambiri imakhala itatha. Zimene zidzasungidwa pa nthawi imeneyi ndizo munthu adzadalira akadzakalamba, makamaka mai amene waleka kusamba, pamene mafupa ayamba kupyapyala.

Mafupa amalimba ndi zinthu ziwiri: kuwagwiritsa nchito ndi kashiamu. Kuthamanga, kulumpha cingwe, netibo ndi mpira zimapangitsa fupa kukhuthala. Kashiamu amapezeka mu kapenta wodyedwa ndi minga yake, mu mkaka ndi mabisi, ndiponso mu ndiwo za masamba monga bondwe ndi cibwabwa.

BVUTO LA KABWE

Kwa ana a mu Kabwe nkhani ya mafupa ili ndi mbali ina yowawa. Mgodi wa mtovu ndi zinki, umene unapatsa tauni ino dzina lake lakale la Broken Hill, unagwira nchito kucokera mu 1906 mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Utsi wa ng'anjo yosungunulira miyala ndi fumbi la pa mulu wa zotsala umene anthu amati Black Mountain zinasiya mtovu m'dothi la makomboni oyandikana nawo. Mu 2015 ofufuza a pa University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Hokkaido ku Japan anafalitsa zotsatira za ana 246 osapitirira zaka 7 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onse anali ndi mtovu m'magazi wopitirira mlingo umene madokotala amayambira kuda nkhawa.

Thupi limautenga mtovu ngati kashiamu ndipo limauika m'mafupa ndi m'mano. M'magazi, theka la mtovu limacoka pakapita pafupifupi mwezi umodzi, koma m'mafupa umakhala zaka makumi. Mwa munthu wamkulu, magawo oposa 90 pa 100 a mtovu wa m'thupi amakhala m'mafupa. Ndiye kuti mnyamata amene atola zitsulo pa mulu wa mgodi kapena kuphwanya miyala ya kumeneko, pa zaka zimene mafupa ake akumangidwa, akusunga poizoni amene adzakhala naye mpaka ukulu. Mtovu umakweza BP ndipo umaononga impso.

Kwa mtsikana ngozi imafika ndi kwa mwana wake wa m'tsogolo. Mai akakhala ndi pakati, thupi limatulutsa kashiamu m'mafupa kuti amange mafupa a khanda, ndipo mtovu umatuluka naye limodzi n'kufika kwa mwana ali m'mimba. Cizolowezi ca kudya dothi pa nthawi ya pakati cimaonjezera ngoziyi.

Zimene mtovu ucita ku ubongo nazonso sizibwerera. Mu mzinda wa Dunedin ku New Zealand anapima magazi a ana oposa 500 ali ndi zaka 11, ndipo anawapimanso nzeru ali ndi zaka 38. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti amene anali ndi mtovu wambiri ali ana anatsika pa mayeso a nzeru ndipo anapeza nchito zocepera.

KODI ANA ALEKE KUSEWERA?

Iyai. Kutsekera ana m'nyumba kungabweretse bvuto lina m'malo mwa loyamba. Cofunika ndi kusankha malo ndi kusamala zimene zicitika pambuyo pa masewera.

Bwalo la udzu kapena la simenti ndi labwino kuposa la fumbi, makamaka m'miyezi ya mphepo ya August ndi September. Ana asasewere pa mulu wa mgodi kapena m'ngalande yocokera ku mgodi. Akabwera ku bwalo asambe m'manja ndi kumaso ndi sopo asanagwire cakudya, nsapato zitsale pakhomo, ndipo m'nyumba azikolopa ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa pouma. Mwana asapite ku masewera ndi njala, popeza mtovu umalowa kwambiri m'thupi pamene m'mimba mulibe kanthu ndiponso pamene thupi lasowa ayironi ndi kashiamu. Nyemba, mazira, ciwindi, kapenta ndi masamba zimathandiza pa zonse ziwiri. Ana aang'ono ndiwo ofunika kuwayang'anira koposa, cifukwa matupi awo amatenga mtovu kuwirikiza kanai kapena kasanu kuposa akulu.

Mabanja okhala pafupi ndi mgodi, makamaka amai apakati, angafunse ku kiliniki ya kwawo kapena ku cipatala cacikulu ca Kabwe za kupimitsa mtovu m'magazi. Munthu angakhale ndi mtovu wambiri koma osaonetsa cizindikiro ciliconse.

Sopo ndi kapenta sizingacotse mtovu m'dothi. Nchito imeneyo ndi ya boma ndi makampani a migodi. Mu 2016 World Bank inabvomereza ndalama zokwana madola 65.6 miliyoni zothandiza kukonza malo oonongeka ndi migodi mu Kabwe ndi ku Copperbelt, ndipo ana ambiri anapimidwa ndi kulandira mankhwala. Koma mwana amene walandira mankhwala n'kubwerera ku fumbi lomwelo amatenganso mtovu wina. Makolo, aphunzitsi ndi makhansala ali ndi cifukwa cokwanira copemphera kuti mabwalo a sukulu abzalidwe udzu ndi kuti misewu ya m'makomboni isamakhale ya fumbi.

M'MERA MPOYAMBA

Makolo amene afuna kuti mwana adzafike pa zaka 50 ali wolimba ayang'ane zinthu zinai: asayambe fodya ndi mowa, adye cakudya comanga mafupa, atalikirane ndi fumbi la mgodi, ndipo apeze masewera amene angapitirize ngakhale atatsiriza sukulu. Mtsikana apatsidwe nthawi ya ku bwalo mofanana ndi mlongo wake, nchito za pakhomo zigawidwe.

Nawo akulu amene analeka kalekale asataye mtima. Mafupa a pa unyamata sangamangidwenso, koma mtima umayamba kulimba pa msinkhu uli wonse. Bambo amene anali kumenya mpira mu Bwacha zaka 30 zapitazo angayambe ndi kuyenda wapansi kwa mphindi 30 popita ku nchito, masiku asanu pa mlungu, ndi kupimitsa BP yake kamodzi pa caka.