Maselo ouma mutu a khansa ya m'matumbo

Mukavulala phazi, mwanabere amatupa m'mphechepeche, eti? Timabere totere, ma lymph node, tilinso mozungulira matumbo aakulu, ndipo khansa ya m'matumbo ikamafalikira, kawirikawiri imayambira mmenemo.

Koma si selo lililonse la chotupa lomwe lingayambitse chotupa china. Mu 2007, asayansi a ku Canada ndi ku Italy anapeza kuti maselo ochepa chabe, okhala ndi puloteni ya CD133, ndi omwe ankameretsa chotupa mu mbewa za mu labotale. Maselo oterewa amapirira mankhwala, ngati kapinga wophukanso mutalima.

Lero ofufuza amapaka utoto tizidutswa ta mwanabere, n'kufunafuna CD133, CD44 kapena LGR5 pa maikulosikopu. Chovuta n'chakuti maselo ena abwinobwino a m'matumbo alinso ndi zizindikirozi.