Mfumu Inadula Lamya, Koma Mawu Anaoloka Nyanja

M'mawa wa pa 1 Febuluwale 2005, pamene Mfumu Gyanendra ya dziko la Nepal inali kulengeza pa wailesi ya kanema kuti yachotsa nduna yaikulu Sher Bahadur Deuba ndi kutenga ulamuliro wonse m'manja mwake, asilikali anali atayamba kale kuzinga nyumba za atsogoleri a zipani mumzinda wa Kathmandu; ndipo pomwe mfumuyo inkatsiriza mawu ake, lamya zonse za m'dzikomo zinangoti zii, intaneti inazima, ndege zinaleka kutera, kotero kuti mwana wa ku Nepal amene anali kusenza njerwa ku Doha, kapena kuwerenga mabuku ku Boston, sanathe kudziwa ngati amake agona bwanji. Mdima umenewo unakhala pafupifupi sabata yathunthu, ndipo lamya za m'manja zinakhala chitsekedwere kwa miyezi.

Mfumu inapereka chifukwa chakuti zipani zalephera kuthetsa nkhondo ya zigawenga za Maoist, imene inabuka m'chaka cha 1996 ndipo inadzatha itapha anthu oposa 13,000, nipempha kuti aipatse zaka zitatu zokonzera dziko. Koma ambiri sanaikhulupirire, pakuti Gyanendra analowa ufumu mu Juni 2001 panjira ya maliro, mkulu wake Birendra ataphedwa pamodzi ndi banja lake m'nyumba yachifumu, ndipo chikondi chimene anthu anali nacho pa malemuyo sichinasamukire kwa mng'ono wake pamodzi ndi chisoti.

Lamya zitatsegulidwa, pakamwa pa atolankhani panakhalabe pomangidwa. Msilikali ankakhala pambali pa mkonzi ndi kuwerenga nkhani iliyonse isanasindikizidwe. Mawailesi ang'onoang'ono a FM, amene anali makutu a anthu a kumapiri, analetsedwa kuulutsa nkhani nasiyidwa ndi nyimbo zokha. Ndipo akonzi ena, posowa polankhulira, anayamba kulemba ndemanga zazitali za masokosi ndi za kudula mitengo, podziwa kuti owerenga awo adzamva okha chimene chikunenedwa. Ndi m'masiku amenewo pamene intaneti, imene inali ya anthu owerengeka a m'tauni, inapeza ntchito imene a kunyumba yachifumu sanaiyembekezere. Mtolankhani Dinesh Wagle wa nyuzipepala ya Kantipur, pamodzi ndi anzake, analemba pa tsamba la United We Blog! zimene sakanatha kulemba kuntchito kwawo. Ena, poopa ndende, analemba pa tsamba la Radio Free Nepal osadzitchula maina.

Amene ankadikira nkhani zimenezi usiku ndi usana anali Anepali a kunja, pakuti madzi saiwala khwawa. Ndipo iwo, pokhala kumene msilikali wa mfumu sakanatha kugogoda pachitseko chawo, anachita zimene abale awo a kumudzi sakanayesa: anakopera nkhanizo nazitumiza kwa atolankhani a mayiko ena, kwa mabungwe oona za ufulu wa anthu ndi kwa aphungu a kumene ankakhalako, anatsegula masamba awoawo, monga la Samudaya, limene boma la mfumu linalitseka kuti lisawerengedwe m'dzikomo, namemana pa makalata a pa kompyuta kukachita zionetsero ku Washington, ku New York ndi ku London. Boma la India ndi la Britain anaimitsa thandizo la zida za nkhondo ku Nepal, ndipo ngakhale mayiko otere amakhala ndi zifukwa zawozawo, kunali kovuta kuti anamizire kusadziwa pamene maina a omangidwa anali kuwafika tsiku ndi tsiku. Chodabwitsa n'chakuti mu Novembala wa chaka chomwecho mfumu yodula lamyayo inapita ku Tunis, kukakhala nawo pamsonkhano wa mayiko wokambirana za intaneti ndi kufalitsa uthenga. Ndipo ili paulendo womwewo wa mu Africa, zipani zisanu ndi ziwiri zinapangana ndi a Maoist ku New Delhi mfundo 12 zothetsera ulamuliro wake.

Komabe tisanyengedwe ndi kuyesa kuti mfumu inagwetsedwa ndi kompyuta. Inagwetsedwa ndi mapazi a anthu. Kwa masiku 19 a mwezi wa Epulo 2006, makamu a alimi, ophunzira, maloya, madotolo ndi amayi a m'misika anadzaza msewu wozungulira Kathmandu, osasamala lamulo loti wopezeka panja aomberedwe, ndipo ena anaomberedwadi nafa. Zinapitirira chomwecho kufikira usiku wa pa 24 Epulo pamene mfumu, imene inaumitsa mtima kwa miyezi 15, inabwezeretsa nyumba ya malamulo. Pa 28 Meyi 2008 ufumu wa banja la Shah, umene unakhala zaka 240, unathetsedwa. Ntchito ya akunja pa zonsezi inali ya umboni: anatsekereza njira yoti zoipa zichitikire mumdima, ndipo imeneyo si ntchito yochepa, ngakhale kuti utsi wokhetsa misozi anaupuma ndi ena.

Palinso china chimene otamanda intaneti sakonda kuchitchula. Kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa 2 miliyoni ali kunja kwa dzikolo, m'dziko la anthu 29 miliyoni, ndipo ndalama zimene amatumiza kwawo zimafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chonse cha Nepal. Unyinji wa anthu amenewa ndi anyamata a kumidzi amene amakongola ndalama za katapira kuti alipire owapezera ntchito ku Qatar, ku Saudi Arabia, ku Dubai ndi ku Malaysia, kumene amamanga nyumba zazitali padzuwa loswa mtengo, kumene wochita zionetsero amathamangitsidwa, ndi kumene ena amachokako ali m'bokosi, nakalandiridwa ndi abale awo pabwalo la ndege la Tribhuvan. Koma mawu amene ankamveka m'chaka cha 2005 anali a ophunzira a m'mayunivesite ndi a anthu a ntchito za m'maofesi ku America, ku Britain ndi ku Australia, amene anali ndi kompyuta, Chingerezi ndi nthawi. Wodyetsa dziko anali wina, wolilankhulira analinso wina.

Lamya ya m'manja yotsika mtengo ndiyo inadzachepetsa mpata umenewo. Pofika chaka cha 2022, wantchito wa ku Doha anali kucheza ndi makolo ake madzulo aliwonse pa Facebook ndi pa Viber, ndipo pakati pa nkhani za mbuzi ndi za fizi ya ana analowetsamo za ndale. Chaka chimenecho Balendra Shah, woimba amene alinso injiniya, anapambana umeya wa Kathmandu wopanda chipani. Mfuu ya pa intaneti yotchedwa No Not Again inapempha anthu kuti asavoterenso nkhalamba zimene zakhala zikulandizana mpando wa nduna yaikulu, ndipo pamene bungwe loyendetsa chisankho linaopseza ofalitsa mfuuyo, bwalo lalikulu la milandu linaliletsa. Chipani chatsopano cha Rastriya Swatantra, cha chizindikiro cha belu, chinapeza mipando 20 chili ndi miyezi yochepa chibadwire. Ana ambiri a kunja anaimbira makolo awo kuwauza poti achonge, ndipo kholo limene likudya ndalama ya mwana silifulumira kutaya mawu ake.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma olamulira a ku Kathmandu sanamve. Pa 4 Sepitembala 2025 boma la nduna yaikulu K. P. Sharma Oli linatseka masamba a mchezo 26, kuphatikizapo Facebook, WhatsApp, YouTube ndi Instagram, ponena kuti eni ake sanalembetse kuboma. Ndipo linachita zimenezi pa nthawi imene achinyamata anali kufalitsa zithunzi za ana a nduna akusangalala ndi chuma chimene makolo awo sakanatha kulongosola gwero lake. M'dziko limene mabanja ochuluka ali ndi wina kutsidya la nyanja, kutseka masamba amenewa kunali kudula njira imene mayi amamvera mawu a mwana wake. Pa 8 Sepitembala achinyamata anakhamukira kunyumba ya malamulo, apolisi anaombera, ndipo anthu osachepera 19 anafa tsiku lomwelo. M'mawa mwake Oli anatula pansi udindo, koma mkwiyo unali utasefukira kale: nyumba ya malamulo, bwalo lalikulu la milandu ndi likulu la boma la Singha Durbar zinatenthedwa, ndipo akufa onse anapitirira 70. Kenaka kunachitika chimene sichinamvekepo ndi kale lonse, chakuti achinyamata zikwizikwi, a m'dziko ndi a kunja omwe, anakambirana pa tsamba la mchezo la Discord za amene angatsogolere boma logwirizira, nasankha mayi Sushila Karki, amene kale anali mkulu wa oweruza. Ndipo pa 12 Sepitembala mayiwo analumbira, nakhala mkazi woyamba kukhala nduna yaikulu ya Nepal.

Pa Discord wantchito wa ku Malaysia anatha kuvota, koma pa chisankho chenicheni cha dziko lake lamulo silinam'konzere malo. M'chaka cha 2018 bwalo lalikulu la milandu linalamula boma kuti likonze njira yoti nzika za kunja zizivota. Maboma analowa ndi kutuluka, zipani zinalonjeza m'misonkhano, bungwe la Anepali a kunja la NRNA, limene linakhazikitsidwa mu 2003, linakumbutsa kangapo, koma chisankho cha 2022 chinachitika lamulolo lili m'kabati. Sikovuta kuona chifukwa chake, pakuti zipani zakale zimadziwa bwino kumene mavoti a anthu otopa ndi ziphuphu angapite. Pamene boma la mayi Karki linalengeza chisankho cha pa 5 Malichi 2026, mlandu wa voti ya akunja unadzukanso, zaka zisanu ndi ziwiri zitapita chigamulire bwalo lija, ndipo mwa zaka zonsezo wofuna kuvota ankayenera kupempha tchuthi kwa bwana wake, kugula tikiti ya ndege, ndi kukwera basi kufikira kumudzi kumene dzina lake linalembedwa.