MADOTOLO ASANDUTSA CIFU KUKHALA MMERO WATSOPANO

Pa matenda onse amene amagwira anthu acikulire m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa, ndi ocepa amene amazunza munthu monga khansa ya kummero. Wodwala amamva njala, cakudya cili pamaso pake, koma njira yakuti cifike m'mimba yatsekeka. Poyamba cimakana kutsika ndi nyama ndi nsima yolimba. Pakapita miyezi phala nalo limakana, ndipo potsiriza ngakhale madzi ndi malovu zimabwerera kukamwa. Acibale ambiri akaona zotere amati munthuyo anamdyetsa kanthu kumowa kapena kumaliro, nayamba kuyenda naye kwa asing'anga kufikira thupi litatha.

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti mmero wodwala ukhoza kucotsedwa, ndipo madotolo angathe kupanga wina kucokera ku ziwalo za munthu yemweyo. Imeneyi ndi imodzi mwa maopareshoni aakulu koposa amene amacitidwa pa thupi la munthu, koma ikacitika pa nthawi yake, wodwala amadyanso ndi pakamwa pake monga kale.

Mmero umene ukunenedwa pano si kholingo lopumira. Ndi njira ya cakudya, yotalika pafupifupi masentimita 25 mwa munthu wamkulu, imene imayambira pakhosi, kutsika kumbuyo kwa kholingo ndi mtima, pakati pa mapapo awiri, kufikira italowa m'cifu. Aliyense amene anatumbulapo mbuzi amaidziwa. Popeza njira imeneyi inabisala mkati mwa nthiti, moyandikana ndi mtima ndi mtsempha waukulu wa magazi, madotolo akale anali kuopa kuikhudza, pakuti kutsegula cifuwa ca munthu m'masiku amenewo kunali ngati kumupha.

Woyamba kupambana anali Franz Torek, dotolo wa mu mzinda wa New York ku America. M'caka ca 1913 iye anacotsa mmero wa mai wina wa zaka 67, koma sanathe kuika cina m'malo mwake. Cimene anacita ndico kuboola pakhosi ndi pamimba, nalumikiza mabowo awiriwo ndi paipi ya mphira yodutsa kunja kwa cifuwa. Maiyo akatafuna ndi kumeza, cakudya cinali kutulukira pakhosi, kuyenda m'paipi, ndi kukalowa m'cifu. Anakhala ndi moyo zaka zoposa 12 akudya motero. Munali m'caka ca 1946 pamene Ivor Lewis, dotolo wa ku Wales, analongosola njira yotsegula mimba ndi mbali ya kumanja ya cifuwa, ndi kukokera cifu kumwamba kuti cilowe m'malo mwa mmero. Njira imeneyi ikugwiritsidwabe nchito m'zipatala zazikulu za m'maiko ambiri, ndipo imadziwika ndi dzina lake.

MMENE NCHITOYI IMAYENDERA

Wodwala amagonekedwa ndi mankhwala, ndipo nchito yonse imatenga maola asanu, asanu ndi limodzi, kapena kuposerapo. Dotolo amayamba ndi mimba. Amamasula cifu kucicotsa ku zonse zimene zimacigwira, namanga mitsempha yambiri ya magazi imene imacidyetsa, koma amasamala kwambiri kusiya mtsempha umodzi waukulu woyenda m'mphepete mwa cifu ca kumunsi. Moyo wonse wa mmero watsopano umadalira mtsempha umenewu. Atatero amadula cifu m'litali ndi kucisoka, kotero kuti thumba lija lisanduka paipi yaitali, yotakata ngati zala zitatu. Masiku ano kudula ndi kusoka kumeneku kumacitidwa kawirikawiri ndi kamakina kokhoma timawaya ting'onoting'ono m'malo mwa ulusi.

Kenaka amatsegula cifuwa pakati pa nthiti, nacotsa cigawo ca mmero cimene cili ndi cotupa, pamodzi ndi mbali yabwino ya kumtunda ndi kumunsi kwake, ndiponso anabele ozungulira, cifukwa m'menemo ndimo khansa imayamba kuthawira. Paipi ya cifu ija imakokedwa kudutsa pabowo pamene mmero wakale unali kupita, nilumikizidwa ku kacidutswa ka mmero kamene katsala. Ngati cotupa cinali kumtunda, mfundo imeneyi imasokedwa pakhosi. Mu 1978 Mark Orringer wa ku Michigan anafalitsa njira ina yosatsegula nthiti konse, yongodzera pamimba ndi pakhosi. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zipatala zina zimacita nchitoyi kudzera m'timabowo tating'ono mothandizidwa ndi kamera.

Pali odwala ena amene cifu cao sicingagwire nchito imeneyi, mwina cifukwa khansa inacifikira, mwina cinadulidwapo kale. Kwa otere dotolo amatenga cidutswa ca thumbo lalikulu, osacidula ku mitsempha yake ya magazi, nacikweza m'cifuwa kuti cikhale mlato pakati pa khosi ndi mimba. Njira imeneyi inayamba kuyesedwa ku Ulaya mu 1911. Ndi yovuta kuposa ya cifu, pakuti malo osoka amakhala atatu m'malo mwa amodzi, ndipo paliponse pamene pasokedwa pangathe kudontha.

Kudontha kwa pamfundo ndiko kumene madotolo amaopa koposa. Cifukwa cake ncosavuta kumva kwa munthu wolima dimba: bedi la kumapeto kwa ngalande ndilo limalandira madzi ocepa. Momwemonso nsonga ya paipi ya cifu ili kutali ndi kumene magazi amacokera, ndipo pamenepo ndipo pamene pamasokedwa. Ngati magazi acepa, bala silipola msanga, ndipo malovu ndi madzi a m'cifu zingatayikire m'cifuwa. Zimenezi zimacitikira pafupifupi wodwala mmodzi pa khumi alionse, ngakhale m'zipatala zodziwika za kunja. Ngozi ina ndi cibayo, cimene cimagwira amene aopa kutsokomola ndi kupuma mozama cifukwa ca kuwawa kwa bala. Ndico cifukwa cake anamwino amadzutsa wodwala ndi kumuyendetsa m'wodi pasanapite masiku ambiri, cinthu cimene acibale ena amaciona ngati nkhanza pomwe cili cifundo. Ena mau amasasa kwa kanthawi, popeza mtsempha woyendetsa mau umadutsa pafupi ndi mmero. Ndipo kunena mosabisa, alipo amene amafa ndi opareshoni imeneyi. Wodwala ndi banja lake ayenera kufunsa dotolo za ngozi zonsezi asanasaine.

M'masiku oyamba wodwala sadya ndi pakamwa. Amadyetsedwa kudzera m'kapaipi kolowa pamimba mpaka m'matumbo aang'ono, kufikira madotolo atatsimikiza kuti mfundo yagwira. Pamenepo amayamba ndi madzi, kenaka phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono mpaka cakudya cofewa.

KUDYA KWAKE KUMASINTHA

Apa ndipo pamene pamagona nchito ya amai ndi ana osamalira wodwala akabwerera kumudzi. Cifu cimene casanduka njira sicingakhalenso nkhokwe. Bambo amene kale anali kutha mitanda itatu ya nsima adzakhuta ndi mbamu zowerengeka, ndipo kumukakamiza kuti amalize mbale ndiko kumudwalitsa. Ayenera kudya pang'ono koma kawirikawiri, kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, akutafuna bwino, ndipo cakudyaco cikhale copatsa mphamvu: phala lothira nsinjiro, mazira, mkaka, nyemba zophwanya, nsomba yocotsa minga, nsima yofewa ndi ndiwo za msuzi. Madzi amwe pakati pa zakudya, osati pamodzi ndi nsima. Mwambo wakuti banja lidye kawiri pa tsiku, masana ndi madzulo, sukwanira kwa munthu wotere, ndipo banja limene silisintha mwambo umenewu lidzaona wodwala wao akuonda ngakhale khansa inacoka.

Zakudya za shuga wambiri, monga tiyi wotsekemera kwambiri ndi zakumwa za m'mabotolo, zimathamangira m'matumbo ndi kubweretsa thukuta, cizungulire, kugunda kwa mtima ndi kutsegula m'mimba. Ndiponso citseko cacibadwa cimene cimaletsa cakudya kubwerera kumtunda cimacoka pamodzi ndi mmero wakale. Motero wodwala asagone atangodya. Apite maola awiri kapena atatu, ndipo pogona mutu ndi cifuwa zikhale pamwamba, moyo wake wonse. Wogona pamphasa amuikire mabulangeti opinda kapena thumba lodzaza bwino kumsana. Akagona cathyathyathya, madzi owawa a m'cifu ndi ndulu zimakwera usiku, ndipo zingalowe m'mapapo.

Pakapita miyezi, ena amaona cakudya cikuyambanso kuima. Asataye mtima msanga: kawirikawiri ndi cipsera ca pamfundo cimene cafinya njira, ndipo kucipatala amacifutukula ndi cipangizo colowetsa pakamwa, popanda kung'amba.

CIFUKWA CAKE OCEPA AMAFIKA PA OPARESHONI

Maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi, ali m'gulu la malo amene nthendayi imapezeka kwambiri pa dziko lonse. Mu 1969 Neil McGlashan, katswiri wa maphunziro a malo, analemba kuti inali yofala kum'mawa kwa Zambia m'madera omwe kacasu amamwedwa kwambiri. Mu 2015 Dr Violet Kayamba ndi anzake a pa University Teaching Hospital mu Lusaka anapeza kuti utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba, ndiponso kacilombo ka HIV, zimaonjezera ngozi. Fodya naye ali pamzere womwewo, pamodzi ndi cizolowezi ca kumwa tiyi ndi phala zili moto.

Koma cimene cimatsekera anthu ambiri njira ya opareshoni ndi kucedwa. Mmero umatanuka, kotero pamene munthu ayamba kumva cakudya cikuima, cotupa cimakhala citakula kale. Mwezi uliwonse umene upita pambuyo pake umacipatsa mpata wofalikira ku ciwindi ndi mapapo, kapena kumamatira ku kholingo. Zikafika pamenepo mpeni ulibenso nchito. Cimene cimatsala ndi kucepetsa mazunzo: kuika kapaipi ka waya mkati mwa mmero kuti phala lidutse, kuocha cotupa ndi makina, kapena kudyetsa wodwala kudzera pamimba. Ngakhale amene afika msanga ayenera kukhala ndi mtima ndi mapapo olimba, ndipo ambiri amayamba alandira mankhwala a khansa ndi kuocha kuti cotupa cicepe. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2007, cinamangidwira cithandizo ca mtundu umenewu.

Munthu aliyense, makamaka wa zaka zoposa 40, amene aona nsima kapena nyama ikuima pacifuwa kwa masabata awiri kapena atatu, kapena akuonda popanda cifukwa, apite ku kiliniki ya kwao ndi kunena momveka kuti akulephera kumeza, kuti apatsidwe kalata yopita ku cipatala cacikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, kumene angamutumize ku Lusaka ngati kuli kofunika. Kupima kwake kumacitika ndi kapaipi kofewa kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, kamene kamalowetsedwa pakamwa. Dotolo amaona mkati mwa mmero, natsinako kanyama kakang'ono kuti kakapimidwe. Kumatenga mphindi zowerengeka, wodwala sang'ambidwa, ndipo amauzidwa kufika m'mawa asanadye kanthu.