Osoka zidole za gule m'dziko la fodya

Bambo wina wa m'dera la Mfumu Kaomba ku Kasungu amasoka zidole za Chadzunda zotalika chikhatho chimodzi. Mukakweza nsanza zakumutu kwa chidolecho kuti muone chimene chili pansi pa chigoba, simupezapo nkhope ya munthu. Pali mfundo ya chiguduli basi. Amatero dala. Iwo anagula njira ali mnyamata, ndipo amati chilombo n'chilombo, kaya chachikulu chovina pabwalo kaya chaching'ono cholowa m'thumba la malaya, sichingakhale ndi munthu m'kati. Wogula akafuna kuti chigoba chizivuka, iwo amakana, ngakhale awonjezere ndalama.

Kukana kumeneku n'kumene kunandikopa pa ntchitoyi, chifukwa aliyense woigwira amayenda m'malire a zoneneka ndi zosaneneka. Gule Wamkulu ali ndi eni ake: mfumu ya mzinda, akuluakulu a kudambwe, anamkungwi. Wosoka chidole amaloledwa kuonetsa zokhazo zimene mayi ndi mwana amaona pabwalo masana. Chadzunda akhale ndi nkhope yakuda yamakwinya, Maliya akhale wofiira ndi kampango, Simoni wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, Makanja pamiyendo yake yaitali. Zotsalazo sizituluka. Ena mwa akuluakulu sakondwa n'komwe. Amati mizimu siikidwa pashelefu, ndipo amafunsa kuti mwana amene wakula akuseweretsa Kapoli adzamuopa bwanji akadzakumana naye panjira. Osoka amayankha kuti gule anatuluka kale m'mudzi: anavina pamisonkhano ya Kamuzu, amavina ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti, ndipo bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Amatchulanso ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zigoba zoposa 400 zimene alendo amaona. Mkanganowu sunathe, ndipo ine ndimamva mbali zonse ziwiri, koma mtima wanga uli ndi wosoka, chifukwa ndi iye amene amadziikira malire popanda womulondera.

Kapangidwe kake sikovuta kufotokoza. Mafupa ndi waya wa m'matayala otenthedwa, thupi ndi chiguduli chokulunga, chigoba ndi kamtengo kofewa kosema ndi mpeni, utoto ndi mwaye, katondo ndi phulusa, kapena penti akapezeka.

Chimene chimadya nthawi ndi zovala. Chadzunda weniweni amavala nsanza zambirimbiri, ndiye chidole chake chimafuna timizere ta nsalu tosapitirira chala m'lifupi, tong'amba ndi manja kuti m'mphepete mukhale manyenje. Lumo limadula bwino kwambiri, ndipo chidole chimaoneka cha m'sitolo. Timizereto amatimanga kamodzikamodzi kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba, kuti chidole akachigwedeza nsanza zizidumpha. Zala zimene zikumangazo ndi zomwe zija zimasoka fodya m'chigafa mu Febuluwale, ndipo mfundo yake ndi yomweyo. Nsanza amakapempha kwa atelala apakhonde pa Kasungu boma, kapena amatola zotsala za kaunjika zimene zakanika kugulidwa tsiku la msika. Kale atelala ankangopereka. Masiku ano amati, “Achimwene, izinso ndi ndalama,” chifukwa amayi osoka zopondera pakhomo nawonso amazifuna. Chiguduli chimachokera ku mabelo a fodya akale. Alimi amasamala kwambiri kuti ulusi wa pulasitiki usalowe m'belo, popeza ku okushoni ya Chinkhoma belo lopezeka ndi zinyalala zotere limabwezedwa, ndipo osoka zidole anatengera khalidwe lomwelo: pulasitiki pa chilombo amati n'chipongwe.

Luzi ndiye lasowa. Kumanga kwabwino kumafuna luzi la mombo, lonyowetsa, lomwe likauma limagwira osamasuka. Koma chigwa cha Kasungu chinapereka mitengo yake ku fodya, ina mizati ya zigafa, ina nkhuni za m'mabalani a fodya wa fuluu. Imene inadzalidwa m'malo mwake ndi bulugamu, ndipo bulugamu alibe luzi. Mombo wambiri watsala m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, kumene munthu sangalowe kukasenda mtengo. Khonje, amene kale anali mpanda wa midzi ndi makola, nayenso akuchepa. Wosoka wina wa kwa Santhe amayenda panjinga kukagula masamba a khonje, n'kudzawapala ndi chitsulo papulanga mpaka manja kuyabwa usiku wonse.

Amayi nawo ali ndi zidole zawo, ndipo za gule sazikhudza. Amasoka mayi wobereka mwana, mtsikana wosenza mtsuko, agogo a duku, onse ovala zidutswa za zitenje. Luso limeneli linayambira pamasanje, pamene mtsikana ankakulunga chitsononkho m'kansanza n'kuchibereka kumbuyo. Koma amayi achikulire amasoka ali ndi mantha amene amuna a gule alibe. Chidole cha nsanza chikapezeka m'nyumba ya nkhalamba pamudzi pamene mwana wadwala, sipatenga nthawi kuti wina anene kuti n'chithumwa. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulolo silifika msanga pamene anthu asonkhana kale pakhomo ndi miyala. N'chifukwa chake ambiri amasokera pakhonde, masana, anthu akuona, ndipo sagwiritsa ntchito tsitsi la munthu ngakhale pang'ono, koma ulusi wa juzi yakale. Zimandipweteka kuti agogo wosoka kuti apeze sopo ayenera kuyamba waganiza zodziteteza asanatole singano.

Pa ndalama m'pamene onse amadandaula mofanana. Nyengo yosoka ndi yaifupi, kuyambira pamene fodya wapita kumsika mpaka nazale zitayamba kufuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ogula pa Kasungu pomwe ndi ochepa. Magalimoto a mumsewu wa M1 amangodutsa, ndipo alendo opita kukaona njovu, kuphatikizapo zija 263 zinachokera ku Liwonde mu 2022, saima m'midzi. Anthu akumudzi sagula chinthu chimene amachiona chamoyo pabwalo. Choncho zidole zimapita ndi mavenda ku Lilongwe ndi kunyanja, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay. Venda amatenga pangongole. Amati, “Madala, ndikagulitsa ndidzakutumizirani pafoni,” ndipo nthawi zina amatumizadi, koma mochedwa komanso moperewera, ati zina zinadyedwa ndi njenjete. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penti, singano ndi ulusi zinakwera nthawi yomweyo, koma mtengo wa chidole pamudzi sunasunthe, chifukwa wosoka sadziwa kuti mlendo amalipira zingati kutsogoloko.

Achinyamata amaziona zonsezi. Mnyamata wolowa kudambwe lero amadziwa kuvina ndi kuimba, koma mukamuuza kuti akhale tsiku lathunthu akung'amba nsanza amakufunsani kuti, “Agogo, zimenezi zigula feteleza?” Amasankha kabaza, kapena ganyu wosankha fodya kuesiteti, kapena ulendo wa ku Joni. Sindingamudzudzule. Koma osoka amene atsala angapindule atamagulitsa pamodzi pamalo amodzi odziwika m'mbali mwa M1, mtengo atagwirizana okha, mafumu a mizinda atanena poyera zilombo zololedwa kusoka ndi zosaloledwa. Pakali pano aliyense amakambirana yekha ndi venda kuseri kwa chigafa, ndipo amene ali ndi njala kwambiri tsiku limenelo ndiye amatsitsira anzake onse mtengo.