Kuli Zomba ina mlengalenga

Mukamva dzina loti Zomba, maganizo amathamangira ku phiri kapena ku likulu lakale la dziko lino. Koma ndi angati akudziwa kuti kuli Zomba ina imene ikuzungulira dzuwa usana ndi usiku?

Zomba imeneyi ndi chimwala cha makilomita pafupifupi 7 m'mimba mwake. Akatswiri a zakuthambo amatcha miyala yotere ma asteroid, ndipo yambiri imayenda pakati pa mapulaneti a Mars ndi Jupiter.

Anachipeza ndi Cyril Jackson pa 23 July 1938 ku Union Observatory, mumzinda wa Johannesburg. Masiku amenewo akatswiri ankajambula thambo usiku kwa nthawi yaitali. Pachithunzipo nyenyezi zinkaoneka ngati timadontho, koma chinthu choyenda chinkasiya kamzere. Chimwalachi chinapatsidwa nambala 1468 ndi dzina la Zomba, lomwe panthawiyo linali likulu la Nyasaland.

Njira yake si yozungulira ngati lichero, ili ngati dzira. Chikayandikira dzuwa chimafika pa makilomita pafupifupi 240 miliyoni, m'dera lomwe Mars amadutsa. Chikatalikira chimafika pa 420 miliyoni. Ulendo umodzi chimaumaliza m'zaka zitatu ndi miyezi itatu.

Chosangalatsa n'chakuti mwana wa Fomu 3 akhoza kutsimikiza yekha zakazi. Mtunda wapakatikati wa chimwalachi kuchokera kudzuwa ndi wofanana ndi wa dziko lathu kuchulukitsa ndi 2.2. Potsata lamulo la Johannes Kepler, chulukitsani 2.2 ndi 2.2 ndi 2.2, kenaka pezani square root. Yankho ndi 3.26.

Nditauza ophunzira anga zimenezi, wina anafunsa kuti: “Nanga Ntcheu ili kuti kumwambako?” Ndinangomuuza za chimwala china, 1246 Chaka, chomwe Jackson yemweyo anachipeza mu 1932. Dzinali ndi la Shaka, mfumu ya Azulu imene nkhondo zake zinasamutsa makolo a Angoni a kwa Gomani.

Koma funso lake likundisowetsabe tulo. Mayina athu ali kumwamba, koma anawaika ndi alendo. Kuno kumudzi thambo limaoneka bwino kuposa m'tauni momwe magetsi amaphimba nyenyezi, komabe ana ambiri amamaliza Fomu 4 asanasuzumireko mu telesikopu.

Zomba simungaione ndi maso okha. Koma mwezi, Mars ndi Jupiter zimaoneka kwaulere. Aphunzitsi anzanga, tiyeni tiyambire pamenepo, titulutse ana panja madzulo amodzi. M'mera mpoyamba.