Ndalama za penshoni zikafika kumudzi, tizigwire bwanji?



Chaka chilichonse kuno ku Ntcheu timalandira abale amene apuma pantchito. Ena anali aphunzitsi, ena madalaivala, ena alonda ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena abwera kuchokera ku Joni. Amafika ndi kandalama kambiri ndithu kamene sanakagwirepo nthawi imodzi chibadwire. Koma zimene taona n'zakuti pakangotha mvula ziwiri, ambiri amayamba kukongola mchere kuokala. Sikuti ndi anthu opusa ayi. Kungoti ndalama yamalipiro imabweranso mwezi ukatha, pamene ndalama yopumira ikapita yapita. Tiyeni tikambirane mmene ndalamayi imathera ndi mmene tingaisungire.

Choyamba tidziwe kuti ndalamayi imabwera bwanji. Kuyambira mu 2011, lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni: bwana amasonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Lamulo latsopano la 2023 limalola munthu amene wapuma kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, ndipo zotsalazo amazilandira pang'onopang'ono. Zapamwezizo, ngakhale zichepe, ndizo za sopo, mchere, chigayo ndi mankhwala. Musazichite chikole cha ngongole. Nkhani yathu lero ili pa chigulu chija chobwera kamodzi.

Mdani woyamba wa chiguluchi ndi kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, moti dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anaziwerenga n'kupeza zili zonse, koma atafika nazo pogula feteleza ndi malata anapeza kuti zachepa. Ndiye kusunga ndalama yambiri ili chikhalire si nzeru. Koma kuithamangitsa yonse pa bizinesi imodzi n'koopsa koposa. Taona akuluakulu ogula minibasi asakudziwa ngakhale mtengo wa tayala, galimoto n'kukhala pamiyala chaka chisanathe.

Langizo lathu n'lakuti ndalamayi igawidwe patatu. Gawo loyamba ndi la pogona ndi chakudya: kukonza denga, kugula chimanga chokwanira chaka chonse nthawi yokolola pamene chatsika mtengo, n'kuchisunga m'matumba a PICS kapena kuthira mankhwala kuti anankafumbwe asalowe. Pa nkhani ya nyumba, amene muli pachikamwini khalani pansi ndi eni mbumba ndi amfumu musanaumbe njerwa, zimveke bwino kuti nyumbayo idzakhala ya yani wina akatsogola. Ndewu zambiri za pamaliro zimayambira pamenepa.

Gawo lachiwiri ndi la matenda ndi ngozi. Pamsinkhu wathu uno BP, shuga ndi maso sizichedwa, ndipo ulendo wa ku chipatala cha Ntcheu, kapena akakutumizani ku Kamuzu Central kapena ku Queens, umafuna thiransipoti ndi chakudya cha womudikirira. Ndalama imeneyi ikhale kubanki, pang'ono pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo isakhudzidwe pa ukwati kapena chinkhoswe. Nambala yanu yachinsinsi musapatse munthu, ngakhale woimba foni n'kunena kuti ndi wa kuofesi ya penshoni kapena kuti mwawina mphoto. Amenewo ndi akuba.

Gawo lachitatu ndilo lobereka, ndipo pano m'pamene mlimi ali ndi mwayi kuposa wa m'tauni. Mbuzi yaikazi imatenga miyezi 5 kuti iswe, kawirikawiri imaswa mapasa, ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu zina kwacha ikagwa. Pa Eid ya Qurbani msika wake umakhala wotentha. Nkhuku zachikuda nazo n'zothandiza, bola muzipereka katemera wa chitopa miyezi itatu iliyonse. Amene muli kumtunda, cha ku Tsangano ndi ku Lizulu, mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato zili ndi msika pamsewu wa M1. Amene muli kuchigwa cha Bwanje, cha ku Sharpevale ndi ku Kasinje, ganizirani za dimba, mpunga ndi nandolo. Pamene pali madzi osaphwa, dziwe la makumba limapatsa ndiwo pakhomo ndi ndalama pakatha miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo chakudya chake ndi madeya ndi manyowa a mbuzi zomwezo. Koma funsani alangizi a zansomba musanakumbe, chifukwa dothi lamchenga silisunga madzi.

Musaike zonse pamunda wodalira mvula. Chilala cha El Niño cha mu 2024 chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Amene anali ndi mbuzi ndi dimba anapumako. Komanso tiyeze mphamvu zathu: munthu wa zaka 65 sangalime maekala asanu ndi khasu, ndipo kulipira aganyu kumadya phindu. Ekala imodzi yosamalidwa bwino imaposa zisanu zodzala udzu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsopano nkhani ya riba. Munthu akangomveka kuti walandira penshoni, ena amabwera kumuuza kuti aziikongoza ndalamayo pa katapila, kapena alowe banki m'khonde ya chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi. Kwa Msilamu chiwongoladzanja ndi haraam, wopereka ndi wolandira yemwe. Ngakhale pa nzeru za dziko, katapila amadanitsa abale ndipo ndalama zambiri sizibwerera. Njira za halaal zilipo. Chipereganyu chopanda kuonjezerapo n'chololedwa. Kupatsa mnyamata wokhulupirika mpamba kuti achite geni, n'kugwirizana pachiyambi mmene muzigawanirana phindu, ndiye mudharaba. Koma dziwani kuti malonda akaluza popanda chinyengo kapena kusasamala kwake, mwini ndalama ndi amene waluza ndalamayo, winayo waluza thukuta lake. Mabanki ena m'dziko muno ayamba kutsegula maakaunti otsatira malamulo a Chisilamu, kafunseni. Ndipo ngongole iliyonse, ngakhale ya mwana wa mlongo wanu, ilembedwe pamaso pa mboni monga mmene Surat Al-Baqarah imatilamulira.

Abale ndi zidzukulu adzabwera ndithu, ndipo kuwathandiza ndi sadaka yamalipiro aakulu. Koma ikani mlingo wa pamwezi, mugwirizane ndi mayi akunyumba, ndipo ukakwana nenani mosabisa kuti za mwezi uno zatha. Mukadzasowa, ambiri mwa amene munkawapatsa sadzakhala nazo zokubwezerani.

Tisaiwale Zakaat. Ndalama ndi katundu wamalonda zikafika pa nisaab n'kutha nazo chaka, timatulutsa 2.5 peresenti, kutanthauza K2,500 pa K100,000 iliyonse. Mbuzi zodya kutchire zikakwana 40 n'kutha chaka, timatulutsa imodzi. Chimanga kapena mpunga zikafika pafupifupi makilogalamu 650, amene ali ngati matumba 13 a makilogalamu 50, timatulutsa gawo limodzi mwa magawo 10 ngati zakula ndi mvula, ndi limodzi mwa 20 ngati tathirira ndi mphamvu kapena ndalama zathu.

Pomaliza, konzani za mawa mukadali ndi mphamvu. Pitani kuofesi imene imasunga penshoni yanu mukaone ngati maina a olandira mukamwalira ali olondola, chifukwa ena analemba fomuyo asanakwatire n'komwe. Lembani chuma chanu, ngongole zimene muli nazo ndi zimene ena ali nazo kwa inu, m'kope limodzi limene akunyumba akulidziwa. Wasiya sapitirira gawo limodzi mwa atatu a chuma, ndipo zotsalazo zimagawidwa mwa malamulo a mirathi. Amene muli ndi mafunso pa kawerengedwe ka Zakaat kapena mirathi, onanani ndi Sheikh wa pamzikiti wanu ikatha Jumu'ah, mutatenga kope lanulo.

Allah aike barakah pa thukuta lathu ndi pa ukalamba wathu. Ameen.